Dzuwa lisalowe muli chikwiyire: zoyenera kuchita Mkhristu akapsa mtima

Zaka zingapo zapitazo ndinabwereketsa alamu anga ndalama zogulira matumba awiri a feteleza. Tinapangana kuti akagulitsa soya abweza. Soya anagulitsadi, ndinamva kwa ena, koma ndalama osaoneka. Ndiye Loweruka lina madzulo ndinaona pa gulu la banja lathu la pa WhatsApp ataika chithunzi cha njinga yamoto yatsopano, abale ali kalikiliki kuwayamikira. Mutu unatentha. Ndinalemba mizere itatu yokha n'kutumiza, ndipo mawa lake ndinali kutsogolo m'tchalitchi kugawa mkate wa Mgonero ngati munthu wabwinobwino. Ndalama zija zinabwera patatha miyezi iwiri. Koma mlongo wanga, mkazi wawo, anatha chaka chathunthu osaponda pakhomo panga.

Chifukwa chokwiyira ndinali nacho, ndipo mpaka lero sindikana. Chimene ndinalakwitsa ndi dongosolo: ndinafulumira pamene ndinayenera kudekha, ndipo kwa miyezi yonse ija ndinazengereza pamene ndinayenera kupita kukalankhula nawo maso ndi maso. Malangizo ali m'munsiwa atsamira pamenepo.

Choyamba, vomerani kuti mwakwiya

Ife opemphera timanama kwambiri pa nkhani imeneyi. Munthu nkhope yagwa, moni akuyankha ndi mphuno, koma mukamufunsa akuti, "Ayi, palibe vuto, ndazisiya m'manja mwa Mulungu." Timaganiza kuti Mkhristu weniweni sapsa mtima, choncho tikapsa timabisa, n'kumautcha mkwiyowo kufatsa. Buku Lopatulika, lomwe makolo athu akhala akuwerenga kuyambira 1922, limanena mosapsatira pa Aefeso 4:26: "Kwiyani, koma musachimwe, dzuwa lisalowe muli chikwiyire." Paulo sakudabwa kuti Akhristu a ku Efeso amakwiya. Akuwaikira malire awiri, a zochita ndi a nthawi. Yesu mwini, pa Marko 3:5, anayang'ana anthu m'sunagoge mokwiya chifukwa cha kuuma mitima kwawo, ndipo chimene anachita ndi mkwiyowo ndi kuchiritsa dzanja lopuwala la munthu wina amene anali pomwepo.

Thupi limadziwa msanga kuposa mutu. Mtima umayamba kugunda mwamphamvu, kupuma kumafupika, m'manja mumachita thukuta, kukhosi kumauma, mawu amakwera okha. Ndi thupi likukonzekera ndewu, ndipo pa nthawi imeneyo nzeru zoyeza zinthu zimakhala zachepa. Phunzirani chizindikiro chanu. Changa ndi makutu kutentha. Mukachimva, nenani mumtima mawu ake enieni: ndakwiya. Pa Genesis 4:6-7 Mulungu anayamba ndi kumufunsa Kaini chifukwa chimene wakwiyira ndiponso chimene nkhope yake yagwera, n'kumuchenjeza kuti tchimo lamubisalira pakhomo. Kaini sanayankhe funsolo. Anapita kumunda ndi m'bale wake.

Chachiwiri, mangani pakamwa, manja ndi foni

Apa sipofunika nzeru zakuya. Chofunika ndi kusachita kanthu kwa kanthawi, mpaka thupi litazizira. Yakobo 1:19-20 amati munthu akhale wofulumira kumva, wodekha polankhula, wodekha pokwiya, chifukwa mkwiyo wa munthu subala chilungamo cha Mulungu.

Ngati muli pamaso pa amene wakukwiyitsaniyo, tsanzikani bwinobwino. Mwamuna anene kuti, "Amayi, panopa mtima wanga suli bwino, ndingalankhule zolakwika. Tikambirane ana akagona." Mkazi anene chimodzimodzi: "Abambo, ndiloleni ndipume kaye, nkhaniyi sindikuithawa." Kutuluka momenyetsa chitseko si kudziletsa ayi, ndi kulalata komwe. Mukatuluka, patsani thupi ntchito: wazani nkhuni, katungeni madzi, yendani mpaka kumsika n'kubwerera, kapena ingokhalani pansi n'kumapuma pang'onopang'ono, kutulutsa mpweya motalikirapo kuposa mmene mwaukokera. Pemphero la nthawi imeneyi lisakhale lalitali. "Ambuye, gwirani lilime langa" n'lokwanira.

Pali zinthu zimene musachite ngakhale pang'ono magazi akadali otentha. Musayendetse galimoto kapena njinga yamoto. Musapite kumowa kukati mukaziziritse mtima, chifukwa mowa umamasula chingwe chomwe mukuyesa kumangacho. Musalange mwana, chilango chopereka mutakwiya chimayezedwa ndi kukula kwa mkwiyo wanu, kukula kwa cholakwa chake kumaiwalika. Ndipo foni ikhale kutali. Mawu a pakamwa mphepo imatha kuwauluza, koma uthenga wolemba anthu amausunga, amaujambula, amautumiza kwa achibale a ku Johannesburg, ndipo umakudikirani zaka. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Masiku ano mlomowo uli m'chala.

Amene amadzidalira kuti ndi ofatsa awerenge Numeri 20. Mose, yemwe Numeri 12:3 amamutcha wofatsa kuposa anthu onse a pa dziko, anauzidwa kuti alankhule ndi thanthwe kuti litulutse madzi. Iye anakalipira anthu kuti ndi opanduka n'kumenya thanthwelo kawiri ndi ndodo. Madzi anatuluka, anthu anamwa, koma Mose sanalowe m'dziko lolonjezedwa. Mutu womwewo umayamba ndi imfa ya Miriamu, mlongo wake. Munthu amene wangochoka pa maliro, wotopa, wozunguliridwa ndi odandaula, ndi wosavuta kuphulika, ngakhale atakhala Mose.

Chachitatu, khalani pansi ndi mtima wanu

Gawo ili ndi limene ambiri timalidumpha, koma ndi pamene pagona nkhani. Pa Nehemiya 5, anthu osauka a ku Yerusalemu anabwera kudzadandaula kuti chifukwa cha njala apinyolitsa minda, minda ya mpesa ndi nyumba, ena mpaka ana awo atengedwa ukapolo, ndipo owadyera masuku pamutuwo ndi Ayuda anzawo, olemera okongoza mwa katapila. Vesi 6 imati Nehemiya anakwiya kwambiri. Vesi 7 imati anayamba waganizira mumtima mwake, kenako ndiye anadzudzula akuluakuluwo ndi kuitanitsa msonkhano. Mapeto ake minda inabwezedwa. Mkwiyo wake sunathe pamene ankaganiza paja, unangopeza njira yoyenera kudzera.

Nanu dzifunseni, ndipo ngati mumatha kulemba, lembani papepala loti mudzang'amba.

Kodi ndaona ndekha kapena ndamva? Milandu yambiri ya m'mudzi ndi ya mumpingo imayamba ndi "akuti". Munthu wobweretsa nkhaniyo mwina wathira mchere.

Kodi amene ndikumukalipirayu ndi amene wandilakwira? Bwana wakunyozani kuntchito, simunathe kuyankha, mwakwera minibasi mwapanikizana, mwafika kunyumba mwapeza mwana wataya ndiwo. Mwanayo amalandira za bwana, za kondakitala ndi zake zomwe. Njala, kusowa tulo, ngongole imene yatsala masiku awiri, zonsezi zimafupikitsa mtima. Nthawi zina chimene mukufunika ndi nsima ndi tulo, nkhaniyo n'kuiona m'mawa.

Kodi chandipweteka kwenikweni n'chiyani? Funso ili limawawa. Pansi pa mkwiyo nthawi zambiri pamakhala manyazi kapena mantha. Ine nditakhala pansi, mochedwa, ndinapeza kuti ndalama sizinali nkhani yaikulu, pakuti pakhomo sitinagone ndi njala. Chinandibaya ndi kuganiza kuti alamu anga andiona ngati chitsiru, ndipo abale onse akudziwa. Chinavulala ndi ulemu wanga. Ndikanadziwa zimenezi Loweruka lija, ndikanaona kuti kuwachititsa manyazi pagulu sikukanandibwezera ulemuwo.

Kodi ndikufuna kuti zinthu zikonzeke, kapena ndikufuna munthuyo amve kuwawa? Yona anakwiya chifukwa Mulungu anakhululukira Nineve, mzinda wa anthu oposa 120,000, ndipo anakwiyanso chomera chomupatsa mthunzi chitafota. Kawiri konse Mulungu anamufunsa ngati kunali koyenera kuti akwiye. Ulendo wachiwiriwo Yona anayankha kuti n'koyenera, mpaka imfa. Mkwiyo umadziona wolungama nthawi zonse, n'chifukwa chake sitingaulole kuti ukhale woweruza pa mlandu wake womwe.

Mukatero, pempherani zenizeni. Musamuuze Mulungu mawu okometsera pamene mumtima mukutukwana. Salimo 62:8 limati titsanulire mitima yathu pamaso pake, ndipo amene anawerengapo Salimo 109 akudziwa kuti m'Baibulo muli mapemphero a anthu okwiya koopsa. Anakalankhula zimenezo kwa Mulungu, lupanga lili m'chimake. Mutchuleni dzina munthuyo, nenani chimene wachita, nenani chimene mukulakalaka kumuchita. Kenako, ngakhale mano ali okukuta, mupempherereni chabwino chimodzi, monga Yesu analamulira pa Mateyu 5:44. Tsiku loyamba zimamveka ngati bodza. Pitirizani.

Chachinayi, sankhani bwino womuuza

Pa 1 Samueli 25, Davide ananyozedwa ndi Nabala, mwini nkhosa 3,000, amene abusa ake anatetezedwa ndi Davide ndi anyamata ake kuchipululu. Davide anauza anthu ake amange malupanga, ndipo amuna 400 ananyamuka naye kukapha mwamuna aliyense wa pakhomo pa Nabala. Pa anthu 400 amenewo sitimva ndi mmodzi yemwe amene anati, "Bwana, taganizani kaye." Anamuimitsa ndi Abigayeli, mkazi wa Nabala, amene anamuchingamira panjira ndi mikate 200, nkhosa zisanu zophaphatu ndi zakudya zina, n'kumukumbutsa kuti akadzakhala mfumu asadzakhale ndi chikumbumtima cha magazi okhetsa popanda chifukwa. Davide anathokoza Mulungu chifukwa cha mayiyo n'kubwerera.

Aliyense ali ndi anzake a mtundu wa 400 aja, amene ukawafotokozera amati, "Ine sindingalole zimenezo, muonetse!" Amenewo musawaimbire. Funani munthu mmodzi wokhwima, wosunga chinsinsi, amene saopa kukuuzani kuti apa mwalakwa ndinu. Akhoza kukhala mkulu wa mpingo, nkhoswe, mayi wachikulire wa ku Mvano kapena ku Chigwirizano, kapena mnzanu wa ku mphakati.

Ndinenepo za chizolowezi china chimene chatilowerera. Kupereka nkhani ya mnzako pagulu ngati "chopempherera" ndi miseche yovala yunifolomu. Chimodzimodzi kuika vesi yobaya pa foni kuti mdani wako aione, kuyambitsa nyimbo yokhala ndi mawu olasa pamene wina akulowa, kapena mlaliki kutengera mkangano wa kunyumba pa guwa. Mpingo wonse umadziwa amene akunenedwa, ndipo iye alibe mpata woyankha. Kumeneko ndi kubwezera, kungoti ndodo yake ndi Baibulo.

Chachisanu, sankhani: kuileka kapena kupita

Si nkhani iliyonse yofunika bwalo. Miyambo 19:11 imati ndi ulemerero wa munthu kunyalanyaza cholakwa. Wina wakupondani pamzere wa kuchigayo, wina sanakupatseni moni pa maliro, zilekeni zipite. Muyeso wake ndi uwu: ngati mawa mungakumane naye n'kumupatsa moni ndi mtima woyera, nkhaniyo yathadi. Koma ngati mukusintha njira mukamuona, ngati usiku mukubwereza mawu ake n'kumakonza mayankho, simunaileke, mwaikwirira yamoyo. Pamenepo pitani.

Yesu anatseka zitseko zonse ziwiri. Pa Mateyu 18:15, m'bale wako akakulakwira, pita ndiwe, mukakambirane awiri. Pa Mateyu 5:23-24, ukakumbukira uli pa guwa kuti m'bale wako ali nawe chifukwa, siya chopereka chako pomwepo, pitanso ndiwe. Palibe mpata wonena kuti "ayambe iyeyo". Vesi yachiwiriyi ndi imene inayenera kundiimitsa m'mawa wa Mgonero uja.

Kapitidwe kake n'kofunika. Pemphani nthawi, musamudzidzimutse munthu pamsika kapena pakhomo la tchalitchi. Khalani pansi, poduka mphepo, pasakhale ana kapena anthu odutsa. Yambani ndi moni wonse monga mwa mwambo, musathamangire. Kenako nenani chinthu chimodzi chokha, chimene chinachitika ndi mmene chinakukhudzirani. Ine ndinayenera kunena kuti, "Alamu, tinapangana kuti mukagulitsa soya mundibwezera. Nthawi yadutsa ndipo simunandiuze kanthu. Zandiwawa, chifukwa ndikuona ngati simukundiwerengera. Tandiuzani, chinachitika n'chiyani?" Mawu oti "nthawi zonse inu" ndi "simunayambe mwachitapo" asiyeni kunja. Musafukule za chaka chatha. Makolo ake, mtundu wake, kwawo, kusabereka, kusaphunzira, umphawi, zimenezi musazikhudze ngakhale zitafika pa lilime, chifukwa ndi mabala amene sapola. Miyambo 15:1 imati mayankhidwe ofatsa amabweza mkwiyo, ndipo kufatsako kumayambira pa kutsitsa mawu.

Mukafunsa, mverani mpaka amalize. Ine ndinadzamva patapita nthawi kuti njinga ija alamu anaitenga pa ngongole kuti azichita kabaza, ndipo ankafuna kundibwezera ndi ndalama zoyamba kupeza. Kusandiuza kunali kulakwa ndithu, koma sikunali chipongwe chimene ndinachijambula m'mutu mwanga.

Za kulowa kwa dzuwa, ena amazimva molakwika n'kumakakamiza mnzawo kukambirana pakati pa usiku, onse atatopa, mpaka nkhani imakula. Chimene chisagone ndi chidani. Kukambiranako kukhoza kudikira m'mawa, bola mwagwirizana nthawi ndipo mwanena kuti, "Sitinamvane, koma sindine mdani wanu." Kugona chofulatirana sabata yathunthu, kukana nsima, kulankhulana kudzera mwa ana, kumeneko ndiye kumupatsa malo mdierekezi kumene Aefeso 4:27 ikunena.

Akakana kumva, Mateyu 18:16 imati tengani wina mmodzi kapena awiri. Kwathu kuno njira imeneyi ilipo kale. Za m'banja zimapita kwa ankhoswe, za mumpingo kwa akulu a mpingo, za malire a munda kapena mbuzi zodya chimanga kwa anyakwawa. Kutengera nkhani kwa oyenera kuiweruza si kusowa chikhulupiriro. Ndipo akakanabe, Aroma 12:18 imakumasulani: ngati n'kutheka, kumbali yanu, khalani mwamtendere ndi anthu onse. Mbali ya mnzanuyo si yanu.

Ngati mwaphulika kale

Pepesani msanga, ndipo pepesani zenizeni. "Pepani ngati ndakulakwirani" si kupepesa. "Anali satana" si kupepesa. "Pepani, koma inunso munandiputa" ndi kuyambiranso ndewu. Tchulani chimene munachita: "Ndinakunyozani pamaso pa abale. Ndinalakwa. Ndikhululukireni." Nkhani ya cholakwa cha iwowo idzakhale ndi tsiku lake. Popeza pepani sapoletsa chilonda, konzani chimene chingakonzeke. Mwaswa mbale, gulani ina. Mwanyoza pagulu, kapepeseni pagulu lomwelo. Ine ndinachita kulembanso pa gulu la banja lija, ndipo zinandivuta kuposa kusala kudya. Ngati munakalipira mwana mopyola muyeso, khalani naye pansi mumuuze kuti, "Mwanawe, unalakwitsa, koma mmene ndinakulankhulira sizinali bwino." Ulemu wa kholo suchepa pamenepo. Mukatero musakakamize munthu kuti akukhululukireni lero lomwe. Mlongo wanga anafunika chaka, ndipo unali ufulu wake.

Pamene mkwiyo wasanduka chizolowezi kapena nkhanza

Pali anthu amene amati, "Ndi mmene ndinabadwira, kwathu tonse ndife a mtima wapachala." Koma munthu yemweyo sakalipira bwana wake kapena wapolisi wa pamsewu. Amasankha pophulikira, ndipo amasankha ofooka. Ngati ana amathawira kuchipinda mukamalowa, ngati mwayamba kuswa zinthu, kukankha kapena kumenya, malangizo a pamwambawa paokha sakukwanirani. Uzani abusa kapena mkulu wa mpingo zoona zake zonse, ndipo mulole kuti azikufunsani mwezi ndi mwezi. Ngati mumamwa, siyani. Pitaninso kuchipatala mukafotokoze, chifukwa kupsa mtima pafupipafupi nthawi zina kumayenda limodzi ndi matenda a nkhawa, kuvutika maganizo kapena zoopsa zimene munthu anakumana nazo kale. A St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza pa za maganizo ndi za uchidakwa, ndipo kuchipatala cha boma chilichonse akhoza kukulozerani koyenera. Kupemphera ndi kuonana ndi aphungu sizitsutsana.

Kwa amene mukulandira nkhanzazo, mawu aja akuti kumenya ndi mankhwala a banja ndi bodza, ndipo m'Baibulo mulibe. Akolose 3:19 imalamula amuna kukonda akazi awo ndi kusawachitira nkhanza. Malawi ali ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja kuyambira 2006, lomwe limapatsa khoti mphamvu yoteteza wozunzidwa, ndipo kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit. Kupita kumeneko, kapena kuchoka pamalo oopsa, si kulephera kukhululuka. Ankhoswe ndi akulu a mpingo amene amangobweza mayi wotupa nkhope ndi mawu oti "banja ndi kupirira" akuthandiza tchimo.

Izi zikutifikitsa pa kukhululuka kwenikweniko. Petro atafunsa ngati kukhululuka kasanu ndi kawiri n'kokwanira, Yesu pa Mateyu 18:22 anamupatsa chiwerengero chosonyeza kuti asamawerenge n'komwe. Kukhululuka ndi kusiya ufulu wobwezera, n'kuupereka kwa Mulungu monga Aroma 12:19 ikunenera. Sikutanthauza kuti cholakwacho chinali chaching'ono, kapena kuti ngongole isabwezedwe, kapena kuti mumukhulupirirenso munthuyo lero. Ndipo kawirikawiri sikuchitika kamodzi. Mkwiyo umabweranso mukamva dzina lake, ndiye mumakhululukanso cholakwa chomwecho, mpaka tsiku lina mumazindikira kuti makutu sanatenthe. Paulo ndi Barnaba anakangana koopsa chifukwa cha Yohane Marko mpaka anapatukana, monga tikuwerenga pa Machitidwe 15:39. Patapita zaka, Paulo yemweyo analembera Timoteo kuti abwere naye Marko chifukwa ndi wothandiza pa utumiki.

Alamu anga aja ndi amene amandinyamula masiku ano pa njinga yamoto ija tikamapita ku maliro kumudzi, ndipo salola kuti ndilipire mafuta. Ndalama sindinawabwerekenso, ndipo iwonso sanapemphepo.